Kamakina koyezera mpweya m'magazi: zimene ndaona chikagulireni kuno ku Mangochi

Ndinagula kamakina aka mu Januwale 2021, m'masiku amene matenda a Covid-19 anavuta kachiwiri m'dziko muno mpaka nduna ziwiri za boma zinamwalira tsiku limodzi, pa 12 mwezi womwewo. Pa wailesi ankanena kawirikawiri za anthu ofika kuchipatala mochedwa, mpweya wa okosijeni utatsika kale m'magazi eniake osazindikira, ndipo ine mtima unali m'mwamba chifukwa cha amayi anga, amene ndi okalamba komanso akhala akuvutika ndi mphumu kuyambira ine ndili mwana. Timakhala tsidya la mtsinje wa Shire, m'mbali mwa msewu wopita ku Malindi, choncho ndinaoloka mlatho n'kupita pa famase ina pa boma, kumene ndinapereka ndalama zimene panthawiyo zikanagula matumba awiri a chimanga. Dzina la famaseyo ndi la kampani yolembedwa pa bokosi sinditchula, popeza zina mwa zimene ndinene ndi madandaulo, ndiponso timakina tambiri totsika mtengo tamtunduwu timafanana kapangidwe ndi kagwiridwe ka ntchito, kusiyana kwake n'dzina lomatidwa pamwamba lokha.

Azachipatala amakatchula kuti pulse oximeter. Ndi kakang'ono ngati bokosi la machesi, kamayasama ngati pegi yoyanikira zovala, ndipo kamayendera mabatire awiri a AAA. Munthu amalowetsa chala, n'kudina batani limodzi lokhalo, n'kudikira. Mkati mwake muli timagetsi tiwiri, kena kotulutsa kuwala kofiira ndi kena kotulutsa kuwala kumene maso athu sakuona, ndipo kuwala konseko kumadutsa m'chala n'kukafika pa kadiso kamene kali mbali inayo. Magazi onyamula okosijeni wokwanira amamwa kuwalako mosiyana ndi magazi operewera mpweya, ndiye kamakinako kamayerekeza kusiyanaku nthawi iliyonse imene mtima wagunda n'kutulutsa nambala. Njira imeneyi anaitulukira injiniya wa ku Japan, Takuo Aoyagi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo iye anamwalira mu Epulo 2020, dziko lonse litangoyamba kusakasaka chipangizo chochokera m'nzeru zake. Munthu wathanzi amaonetsa pakati pa 95 ndi 100, pomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwana wodwala chibayo amene nambala yake yatsika osakwana 90 ali pangozi ndipo afunika kupatsidwa okosijeni kuchipatala.

Vuto loyamba limene ndinakumana nalo linali la malangizo. Mnyamata wogulitsa anangoika mabatire, n'kupanira chala chake, n'kundionetsa 98, kenako n'kulandira ndalama. Kapepala ka m'bokosi kanalembedwa m'Chingerezi ndi m'Chitchaina, m'zilembo zazing'ono zoti ine wovala magalasi ndinachita kupita nako pa zenera, ndipo munalibe liwu ngakhale limodzi la Chichewa kapena Chiyao. Pa galasi la kamakinako pamatuluka nambala ziwiri, ina ya mpweya yolembedwa SpO2 ndi ina ya kugunda kwa mtima yolembedwa PR, ndipo ukadinanso batani nambalazo zimatembenuka, yomwe inali pamwamba n'kuoneka ngati yapita pansi. Mnansi wathu wina, mayi wogulitsa usipa wouma, anakabwereka tsiku lina amuna ake akukhosomola, ndipo kutangocha anafika pakhomo maso ali gwa, n'kunena kuti, “Aphunzitsi, bambo a kwathu mpweya wawo wafika pa 72, kodi afika madzulo amenewa?” Titapita kukayezanso tinapeza kuti 72 anali mtima, ndipo mpweya unali pa 97. Mayiyo anachezera usiku wonse akulira chamumtima chifukwa cha chinthu chimene wogulitsa akanatha kuchifotokoza m'mphindi ziwiri, ndipo ndimawopa kwambiri kulakwitsa kwa mbali inayo, pamene wodwala wotentha thupi mtima wake ukugunda pa 98 mpweya uli pa 86, achibale n'kuwerenga 98 n'kukagona mtima uli m'malo.

Ntchito yaikulu imene kamakinaka kanatigwirira inali mu Juni 2022. Mphepo ya mwera inkaomba, usiku kunkazizira, ndipo chimfine chinalowa m'nyumba kudzera mwa ana a sukulu monga chimachitira chaka ndi chaka. Anawo anachira m'masiku ochepa, koma anganga, monga adzukulu amawaitanira amayi anga, anagwidwa ndi kuphwanya m'thupi, litsipa ndi chifuwa chouma. Mwamwayi ndinali nditazolowera kuwayeza ali bwinobwino n'kumalemba m'kope, kotero ndinkadziwa kuti nambala yawo ya masiku onse ndi 96 kapena 97. Tsiku lachitatu m'mawa anaonetsa 94, madzulo 92, ndipo cha m'ma 10 koloko usiku anaonetsa 89. Ndinawafunditsa manja pakati pa zikhatho zanga, ndinasintha chala, ndinadikira mpaka nambala itakhazikika, popeza kuona maso a nkhono n'kudekha, koma 89 yemweyo anabwerera. Poyang'ana ndi maso panalibe chachilendo kwenikweni, pakuti munthu wa mphumu kupuma movutikira tinakuzolowera, ndipo iwo eni ankalankhula bwinobwino. Anandiuza kuti, “Mwanangu, usavutitse anthu usiku uno, tipita kukacha.” Kukanakhala kuti ndinalibe nambala imeneyo m'manja, ndikanawamvera, chifukwa mawu a mayi ako savuta kuwamvera pamene akukuuza chimene iwenso ukufuna kumva. Ndinadzutsa mnzanga wa galimoto, tinaoloka mlatho wa Bakili Muluzi pakati pa usiku, ndipo makina a kuchipatala anaonetsa 88. Adokotala atamvetsera m'chifuwa anati chimfine chija chatsegulira njira chibayo. Anawaika timapaipi ta okosijeni m'mphuno, anawabaya mankhwala, ndipo patapita masiku anayi tinabwerera nawo kunyumba akuyenda okha. Usiku umodzi umenewo unabweza ndalama zonse zimene ndinapereka pa famase paja.

Zimene ndinaona pa amayi anga ofufuza anaziona kale pa ana ambirimbiri m'dziko lathu lomweli. Pakati pa 2012 ndi 2014, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Dr Eric McCollum linapereka ma oximeter kwa ogwira ntchito m'zipatala zazing'ono ndi kwa alangizi a zaumoyo a m'midzi m'maboma a Lilongwe ndi Mchinji, ndipo ana pafupifupi 14,000 odwala chibayo analowa m'kafukufukuyo. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya WHO, zinaonetsa kuti mwa ana amene mpweya wawo unali wosakwana 90, oposa theka sakanatumizidwa ku chipatala chachikulu ngati wazaumoyo akanangotsata zizindikiro zooneka ndi maso. Kuchepa kwa okosijeni kumabisala, ndipo kwa ife akhungu lakuda milomo siionetsa msanga kubiriwira kumene mabuku a zachipatala amanena. Koma pali mfundo imene wogula aliyense ayenera kuigwiritsitsa: azaumoyo a m'kafukufukuyo anaphunzitsidwa kayezedwe ka ana, ankayenderedwa ndi owayang'anira, ndipo ankagwiritsa ntchito makina opangidwira kuchipatala, osati kopanira chala ka pa famase ngati kangaka.

Kusiyana kumeneku ndinakuphunzira movutikira mu Febuluwale 2024, mdzukulu wanga wa miyezi 8 atadwala. Kunali mvula yamphamvu, mwanayo anayamba ndi mamina ndi chifuwa, ndipo tsiku lachiwiri madzulo ankayamwa pang'ono n'kusiya kuti apume. Ndinatulutsa kamakina kanga ndi chikhulupiriro chonse chimene kanandipatsa pa nthawi ya anganga. Kachala ka khanda kanangomira m'kamwa mwa kamakinako osafika pa kadiso kaja. Ndinayesa chala chachikulu cha kumanja, ndinayesa cha kuphazi, mwana akupalapata ndi kulira, ndipo galasi linkangoonetsa timizere, kenako 99, kenako 81, kenako timizere kachiwiri. Ndinataya pafupifupi ola lathunthu ndikusaka nambala yoti ndiikhulupirire. Amene anatiwombola anali mayi wa mwanayo, mwana wanga wamkazi, amene anakumbukira zimene mlangizi wa zaumoyo anawaphunzitsa ku sikelo. Anati, “Bambo, siyani kaye makinawo, ndigwirireni foni muone nthawi.” Anadikira mwana atatonthola, anakweza kamalaya, n'kuwerenga kukwera ndi kutsika kwa chifuwa kwa mphindi yathunthu. Anapeza 58, anabwereza n'kupeza 60, ndipo tonse tinaona m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati nthawi iliyonse imene mwanayo ankakoka mpweya. Kuchipatala namwino anakulunga kalamba kofewa pa chala chachikulu cha kuphazi, kolumikizidwa ndi waya ku makina awo, ndipo nambala inakhazikika m'kanthawi kochepa. Mwanayo anagonekedwa masiku awiri ndipo anachira, koma ola limene ndinataya lija limandipwetekabe mtima, chifukwa pa bokosi la kamakinako panali chithunzi cha banja lonse, khanda lili m'manja mwa mayi ake, ngati kuti n'koyenera msinkhu uliwonse.

Kholo lililonse lisunge m'mutu milingo imene azaumoyo amatsata powerenga kupuma, chifukwa imeneyi siifuna batire. Khanda losakwana miyezi 2 likupuma mothamanga likafika ka 60 pa mphindi, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akafika ka 50, ndipo wa chaka chimodzi kufikira asanakwanitse zaka 5 akafika ka 40. Mwana amene akukanika kuyamwa kapena kumwa, amene akusanza chilichonse, amene wakomoka kapena walefuka moti sakudzutsika, apite kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale kamakina kataonetsa 100. WHO inawerengera kuti mu 2019 chibayo chinapha ana osakwana zaka 5 oposa 700,000 padziko lonse, ndipo umenewu ndiwo msinkhu umene kamakina kotsika mtengoka kamalephera kuuyeza bwino.

Chinanso chimene sichinalembedwe pa bokosi, koma chimene chikukhudza pafupifupi aliyense wogula kamakinaka kuno kwathu, ndi khungu. Mu Disembala 2020, madokotala a pa yunivesite ya Michigan ku America, motsogozedwa ndi Dr Michael Sjoding, anasindikiza m'magazini ya New England Journal of Medicine zimene anapeza poyerekeza nambala ya pa chala ndi mpweya weniweni woyezedwa m'magazi otengedwa mu mtsempha. Pa miyezo imene makina a pa chala anaonetsa 92 mpaka 96, mpweya weniweni unali wosakwana 88 pa miyezo 11.7 mwa 100 iliyonse kwa odwala akuda, pomwe kwa azungu zinatero pa miyezo 3.6 yokha. Kunena kwina, makinawa amabisa ngozi mwa munthu wakuda pafupifupi katatu kuposa mwa mzungu, ndipo cholakwikacho chimapendekera kumbali yoopsa, yokuuza kuti uli bwino pomwe suli bwino. Mu Febuluwale 2021 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linachenjeza anthu za malire a makina amenewa ndipo linatchula mtundu wa khungu pakati pa zinthu zosokoneza muyezo. Nditawerenga zimenezi ndinasintha kawerengedwe kanga. Sindidikiranso 89. Kwa munthu wamkulu wodwala chifuwa, 93 ndimamutenga ngati belu lochenjeza, 92 ngati ulendo wa kuchipatala, ndipo chimene ndimayang'ana kwambiri ndi kutsika kwa nambala poyerekeza ndi ya masiku amene munthuyo anali bwino. Zimandiwawa kuti chipangizo chogulitsidwa m'dziko limene pafupifupi anthu onse ndi akuda chikubwera chopanda chenjezo limeneli.

Pali zinthu zina ziwiri za kwathu kuno zimene zimanamiza kamakinaka. Choyamba ndi mbaula. Nyengo yozizira mabanja ambiri amalowetsa makala oyaka m'nyumba n'kutseka zitseko ndi mazenera, ndipo makalawo amatulutsa mpweya woipa wa carbon monoxide, wopanda fungo, umene umakakamira m'magazi pamalo pa okosijeni. Kamakina ka pa chala sikatha kusiyanitsa mipweya iwiriyi, kotero munthu amene akumva mutu, chizungulire ndi mseru chifukwa cha makala atha kuonetsa 98 ali pafupi kukomoka. Chachiwiri ndi kuchepa kwa magazi, kumene malungo amabweretsa kwambiri m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe. Kamakinaka kamangoona ngati magazi amene alipowo adzaza mpweya, sikawerenga kuchuluka kwa magaziwo. Ndinaona mwana wa mnansi wa zaka 6, zikhatho zili mbee, akupuma wefuwefu, kamakina kakuonetsa 97, ndipo kuchipatala anakamuika magazi tsiku lomwelo. Zosokoneza zing'onozing'ono nazo zilipo, monga utoto wa m'zikhadabo, manja ozizira a msodzi wongotuluka kumene panyanja m'mamawa, kunjenjemera, ndi dzuwa lowala kwambiri, koma zimenezi zimakonzeka pofufuta chikhadabo, pofunditsa dzanja ndi poliphimba ndi chitenje.

Anthu obwereka kamakinaka amandifunsa kawirikawiri ngati kangawauze matenda amene akudwala, ndipo ena amakhulupirira kuti n'koyezera Covid-19. Sikatero. Kamangonena kuti mapapo akupereka mpweya wochuluka motani, osati chimene chawagwira. Chimfine chenicheni cha influenza, chimene chimasiyana ndi kachimfine wamba ka mamina, chimayamba ndi mavairasi a mitundu ya A ndi B amene amasinthasintha maonekedwe, n'chifukwa chake WHO imaunikanso katemera wake kawiri pa chaka, mu Febuluwale kaamba ka maiko a kumpoto kwa dziko lapansi ndi mu Seputembala kaamba ka a kummwera. Bungwe lomwelo limati matendawa amapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 chaka chilichonse kudzera m'mavuto a kupuma. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ofufuza a bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome anayamba kulondoloza mavairasi amenewa mwa odwala chifuwa choopsa mu 2011, ndipo kafukufuku wa Dr Antonia Ho pakati pa akuluakulu anaonetsa kuti amene ali ndi HIV amadwala influenza kawirikawiri ndiponso modetsa nkhawa kuposa anzawo. Kwa ana aang'ono mdani wamkulu ndi vairasi ina yotchedwa RSV. Kafukufuku wa PERCH, amene anachitika m'maiko 7 kuphatikizapo Zambia ndi South Africa ndipo anasindikizidwa mu 2019, anapeza kuti vairasi imeneyi ndiyo inayambitsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chibayo choopsa cha ana ogonekedwa m'zipatala. Pamwamba pa zimenezi pali mabakiteriya, chifuwa chachikulu, mphumu ndi matenda a mtima, ndipo zonsezi pa galasi la kamakinaka zimaoneka chimodzimodzi. Amene waona nambala yotsika n'kuthamangira pa golosale kukagula makapusozi wadziika pangozi iwiri, popeza mankhwala opha mabakiteriya sagwira vairasi, ndipo munthu woperewera mpweya afunika okosijeni amene m'golosale mulibe.

N'chifukwa chake makolo a ana aang'ono akandifunsa ngati agule kamakinaka, ndimayamba ndawapempha buku la kuchipatala la mwana kuti tione tsamba la katemera. Dziko lathu linayamba kupereka katemera wa chibayo wa PCV13 mu Novembala 2011, pa masabata 6, 10 ndi 14, ndipo katemera woteteza ku bakiteriya wa Hib, amenenso amayambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi, analowa mu 2002 m'katemera wophatikiza matenda asanu uja. Onsewa ku sikelo ndi aulere. Akatswiri athu sanagone atangoyambitsa katemerayu. Kafukufuku wa ku Blantyre wa pakati pa 2015 ndi 2018 anapeza kuti ngakhale ana ambiri anabayidwa, pafupifupi mmodzi mwa asanu kapena asanu ndi mmodzi ankasungabe kukhosi mitundu ya bakiteriya imene katemerayu amalimbana nayo, ndipo zimenezi zinachititsa kuti kuyambira 2021 zipatala zina za mumzindawo ziyese ndondomeko ina, yobaya kawiri koyambirira kenako kachitatu pa miyezi 9. Katemera wa influenza sali pa ndondomeko ya ku sikelo, ngakhale kuti kafukufuku wa ku Bangladesh wa 2008 anaonetsa kuti kubaya mayi woyembekezera kunachepetsa matendawa mwa makanda ndi 63 pa 100 alionse, ndipo wa ku Soweto, ku South Africa, wa 2014 anapeza kuchepa kwa pafupifupi theka. Ndikanakonda amayi anga ndi amayi oyembekezera a m'mudzi mwathu atakhala ndi mwayi umenewo. Kamakina kanga kamayamba ntchito mapapo atagwidwa kale, ndipo banja limene lili ndi ndalama zochepa lichite bwino kuziika pa kabaza wopita ku sikelo pa tsiku lake kusiyana ndi pa chipangizochi.

Phunziro lina limene limandiletsa kutamanda chipangizo pachokha linachokera ku Salima. Pa chipatala cha boma kumeneko anayesa makina othandiza kupuma otchedwa bubble CPAP pa ana 644 odwala chibayo choopsa amene analinso ndi mavuto ena aakulu monga kunyentchera ndi HIV, ndipo anthu ambiri ankayembekezera kuti makinawo apulumutsa miyoyo. Kafukufukuyo anaimitsidwa asanafike kumapeto, ndipo zotsatira zosindikizidwa mu 2019 zinaonetsa kuti mwa ana oikidwa pa makinawo anamwalira 17 pa 100 alionse, pomwe mwa olandira okosijeni wamba wa m'mphuno anamwalira 11. Ofufuzawo sanabise zimenezi, ndipo ananena poyera kuti makinawo anayesedwa pamalo popanda dokotala woyang'anira ana tsiku ndi tsiku. Ngati makina a kuchipatala angathe kubweretsa zotere posowa owayang'anira okwanira, kuli bwanji kamakina ka m'thumba m'manja mwa munthu amene sanauzidwe ngakhale nambala yoyenera kuwerenga?

Pa kulimba kwake ndilibe dandaulo lalikulu. Kapirira kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno ku Mangochi, kapirira fumbi ndi chinyezi, ndipo sipuling'i yake ikugwirabe chala monga kale. Chotsekera mabatire chinang'aluka katagwa pa simenti, ndipo tsopano ndimachimanga ndi kalamba ka mphira. Kudalira mabatire ndi ubwino waukulu kwa ife amene magetsi amatizimira nthawi iliyonse, koma mabatire otsika mtengo a pamsika satha mwezi, ndipo ena anatulutsa madzi n'kuchititsa dzimbiri pa tizitsulo ta mkati mpaka ndinachita kupala ndi nsonga ya mpeni. Kuyambira pamenepo ndimawachotsa ndikamaliza kuyeza. Mabatire akafooka nambala imachedwa ndipo imadumphadumpha, choncho kachizindikiro ka batire kayenera kuyang'anidwa musanakhulupirire chilichonse. Galasi lake limaoneka bwino usiku ndi m'nyumba, koma panja masana silioneka n'komwe. Popeza kamayenda m'manja mwa anthu ambiri odwala chifuwa, ndimakapukuta mkati ndi thonje lonyowetsa ndi sipiriti asanakatenge wina.

Ndingalimbikitse kugula kamakinaka banja limene lili ndi munthu wokalamba, wa mphumu, wa matenda a mtima, wochira chifuwa chachikulu amene mapapo ake anatsala ofooka, kapena wa HIV amene chifuwa chimamubwerera pafupipafupi, makamaka ngati akukhala kutali ndi chipatala monga ku Makanjira kapena ku Katuli, kumene kusankha pakati pa kunyamuka usiku ndi kudikira kucha ndi nkhani ya ndalama zambiri. Pogula, muyese pa chala chanu ndi cha wogulitsa, muone ngati pali kamzere kosonyeza kugunda kwa mtima kamene kakukwera ndi kutsika mwadongosolo, muwerenge nokha kugunda kwa mtima pa dzanja n'kuyerekeza ndi nambala ya PR, ndipo mukapita kuchipatala mukatenge kuti mukayerekeze ndi makina a kumeneko. Kanga kanasiyana ndi ka kuchipatala ndi nambala imodzi yokha pa amayi anga. Kwa banja limene nkhawa yake ndi khanda, kopanira chala ka akuluakuluka sikoyenera, ndipo ndikupempha eni mafamase a pa boma kuti azinena zimenezi poyera kwa wogula, ndiponso kuti aziika m'bokosi kapepala kamodzi ka Chichewa ndi Chiyao kosonyeza nambala ya mpweya, nambala ya mtima, ndi pamene munthu ayenera kunyamuka.

Kope lija ndikulembamobe. Tsamba lililonse lili ndi tsiku, nthawi, nambala ziwirizo, kutentha kwa thupi, ndi mawu ochepa a mmene wodwala akuonekera. Chaka china mu Julayi amayi anga atayambanso chifuwa, ndinapita nawo masana nambala itangotsika kuchoka pa 96 kufika pa 93 m'masiku awiri. Dokotala wa tsikulo anatenga kopelo, anatsegula masamba a m'mbuyo mpaka kukafika pa Juni 2022, anawamvetsera m'chifuwa, n'kuwalembera mankhwala okamwera kunyumba ndi tsiku lobweranso. Pobwerera tinaima pamsika kugula mabatire awiri atsopano ndi chambo cha ndiwo zamadzulo.